Mwana Wanga Anati Amatamba

Ndiyambe ndi kuyamika Ambuye, amene saiwala misozi ya mayi. Moni abale ndi alongo m'chikhulupiriro. Imvani mmene mwana wanga Neliya anatchedwera mfiti ali ndi zaka zinayi zokha.

Inali nthawi ya Chitaganya, titangofika kumene kuchokera ku Dedza pa famu ya fodya ku Trelawney, kuno kudziko la Ashona. Bambo ake ankasonkha moto m'mabalani, ine ndinkasankha fodya m'shedi. Neliya ankatsala pansi pa mtengo, pomwe mlaliki ankaphunzitsa tiana nyimbo ndi kuwerenga, ndipo anatola Chishona cha anzake ine ndisanamve ngakhale moni.

Tsiku lina pampope, mkazi wa kapitawo, amake Jonasi, anamufunsa komwe amachokera. Mwana anati, "Ndimakatamba ndi anzanga." Kwathu otamba ndi afiti. Mayi uja anali mkhalakale kuno, ankadziwa bwino kuti kwa Ashona kutamba ndi kusewera. Koma malo anga a m'shedi ankawafunira mng'ono wake. Anafalitsa m'komboni monse kuti mwana wa obwera waulula yekha, ndiye akudwalitsa makanda. Ambiri ankadziwa choonadi, koma ndani akanatsutsa mkazi wa kapitawo?

Neliya anathamangitsidwa pansi pa mtengo paja. Anasiya kuimba, kenako anasiya kulankhula. Kapitawo anati mwezi ukatha tichoke. Abale, sindinapemphere mtendere ayi. Ndinagwada n'kunena kuti, "Ambuye, lilime limenelo limukole mwini wake. Amwe chikho chimene wamwetsa mwana wanga."

Lamulungu titaweruka, akulu ampingo anakhala pansi kuti aweruze nkhaniyi. Amake Jonasi ali mkati molumbira, Jonasi wawo anapulumuka m'manja mwawo, nathamangira kwa Neliya akumuitana mofuula m'Chishona, "Huya titambe!"

Mkulu wina wa ku Tete anakweza mutu. "Amake Jonasi, kodi wanunso amatamba? Ndiye tiyambe kuthamangitsa uyu."

"Iyayi, abambo, akunena kusewera!"

"Kwezani mawu, amayi. Akumbuyoko sanamve."

Anabwereza ndi pakamwa pawo pomwepo, mpingo wonse ukuseka, ana awiri aja akuponya timiyala pafumbi. Zotichotsa zija zinathera pomwepo. Chaka chisanathe mzungu mwini famu anachotsa kapitawo pa ntchito. Ndinaima pamsewu kuonerera lole itanyamula mphasa zawo. Sindinagwetse msozi. Ndinaimba, chifukwa Wobwezera anali atabwezera.

Kuyambira pamenepo ndikaweruka ndinkakhala pansi ndi Neliya, iye kundiphunzitsa mawu a anzake, ine kumuphunzitsa akwathu, mpaka nyimbo zinabwerera m'kamwa mwake. Makolo anzanga, mwana wamng'ono sangadziteteze. Dziwani zimene akuphunzira, mverani mawu ake mdani asanawatole. Ndipo mukaponderezedwa musatope, Woweruza sagona.

Ambuye atchinjirize tiana tanu, atseke pakamwa pa onse otinenera zabodza, ndipo inu akupatseni masiku oti muone chilungamo ndi maso anu. Ameni.