Diso la Kumbuyo kwa Galimoto ya Mkamwini

Elifasi anali atakhala pa chikamwini kwa Mpingu zaka zisanu ndi zinayi, ndipo Loweruka limenelo akuchikazi ankakumana ku Namitete kuti agamule ngati angamulole kutenga mkazi wake chitengwa, kupita naye kwawo ku Kabudula. Mkaziyo anali atatsogola dzulo lake kukaphika, choncho ntchito yonyamula apongozi ake, mayi Enelesi, amene mawu awo ndiwo ankadikiridwa, inagwera iye ndi galimoto yake yaitali msinkhu, yogula kwa mwini wachitatu.

Mayi Enelesi anaima chomufulatira monga mwa mwambo, nkhope italoza kunkhokwe.

"Kodi bambo a Talandira akuti ndikhale pati?"

Elifasi ananjuta pafupi ndi tayala, chipewa chili m'manja. "Kutsogolo, amayi. Ndi mpando waulemu. Mukaukoka umagona chagada."

"Ndigone chagada pambali pa mkamwini? Ine?"

"Sikuti mugone, amayi. Ndangoti umatheka."

"Phewa langa apa, lawo apa. Anthu a pa Namitete aziti chiyani? Kuti mwakwatira wachiwiri?"

"Sangatero, amayi. Zaka zikuoneka."

Nkhokwe inamva kutsonya.

"Ndiye mukhale kumbuyo," anatero Elifasi mofulumira. "Ndi kotakasuka. Anthu atatu amakwana, ngakhale anayi akakhala a njala."

Mayi Enelesi anayenda cham'mbali ngati nkhanu, anakwera akubuula ndi bondo lawo, n'kukhala. Elifasi analowa kutsogolo, n'kukweza mutu.

"Mayo ine!"

"Mwakhalira sipanala, amayi?"

"Maso! Maso a mkamwini ali lende m'mwamba umo!"

"Ndi galasi, amayi. Loonera zakumbuyo."

"Zakumbuyozo ndine?"

"Lero ndinu."

"Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikuzemba nkhope imeneyi. Pachitsime ndazemba, kumunda ndazemba, tsiku lina ndinagwera m'chitedze pothawa njira. Lero ndaona mphuno ndi tsitsi la m'kati lomwe!"

Elifasi anapachika chipewa pagalasi n'kuliza injini. Nthawi yomweyo galimoto inayamba: ti! ti! ti!

"Chikulira n'chiyani?"

"Ikudandaula kuti simunamange lamba."

"Yadziwa bwanji?"

"Imamva kulemera kwa munthu pampando."

"Eti? Ikundiyeza ngati fodya? Ndiye ikukuuzani?"

"Makilo sinena, amayi. Imangoti pali cholemera. Dzana inalira chimodzimodzi nditaikapo thumba la mtedza."

"Thumba la mtedza."

"Lodzadza bwino, amayi. Losokedwa movutikira."

Mayi Enelesi anakoka lamba uja, anamuyang'ana ngati njoka yakufa, n'kumusiya. "Zimenezi ine sindizidziwa."

"Ndingabwere ndikumangeni."

"Mundigwire m'chiuno?"

"Amayamba pachifuwa, amayi. M'chiuno n'komaliza."

Chitseko chinatseguka. Mayi Enelesi anali kale pansi, atabwerera kunkhokwe yawo.

Elifasi anayang'ana dzuwa. A Yesaya, alongo awo a mayi Enelesi, anali atanenetsa kuti likafika pamutu iwo abalalika, nkhaniyo idzakambidwa akakolola. Ndipo ku Kabudula nyumba yake yamalata inali itatha zaka ziwiri ikugonamo mileme.

"Amayi, kwatsala kubuti."

"Kumene munanyamulira mbuzi ya ku zinkhoswe kuja?"

"Ndinatsukako. Ndiponso mbuziyo sinadandaule."

"Ndiyenda wapansi."

"Ndi bondo limenelo mukafika Lachiwiri."

"Ndiye Lachiwiri lomwelo. Mwana wanga sakuthawa."

"Amayi, chonde."

Mayi Enelesi anapumira m'mwamba. "Tembenuzani kaye chigalimoto chanucho chiloze kumsewu. Ine ndiima kumbuyo kuno, kumene kulibe maso anu, ndiganize."

Anazungulira mpaka kuseri kwa galimoto. Atatsimikiza kuti abisika, anavula duku, anakanda m'mutu ndi manja awiri, kenako anatulutsira lilime kumsana kwa mkamwini. Elifasi anaika giya yobwerera. Kagalasi ka pafupi ndi chiwongolero kanayaka.

"Amayi, sunthirani kumanzere pang'ono ndingakugundeni. Duku lanu lagwa."

Mayi Enelesi anasiya kukanda m'mutu.

"Mwadziwa bwanji?"

"Ndikukuonani pakanema. Lilime mubweze, kuli fumbi."

"Chipewa chija mwachotsa?"

"Chipewa chili pomwepo. Ili ndi diso lina, kakamera. Kali pamwamba pa nambala, apo mwaloza chala apo. Eya, pomwepo. Musakagwire, mwadzadza kanema yense."

Mayi Enelesi anadumphira kumbali ngati aponda moto. "Diso limeneli layamba liti kuona?"

"Chigulireni. Ndikangoika giya yobwerera limatseguka lokha."

"Madzulo mukamabwera kumunda wa fodya, galimotoyi mumaimika pati?"

"Pansi pa mango paja."

"Mumalowa bwanji?"

"Chobwerera, kuti m'mawa ndisavutike."

"Kumbuyoko kumaloza kuti?"

Elifasi anaganiza kaye, pofuna kuyankha zolondola. "Kubafa kwanu, amayi."

"Kubafa kwanga."

"Koma musade nkhawa. Kumaoneka mpanda wokha."

"Mpanda wokha?"

"Eya. Kungoti udzu wam'munsi unathothoka ndi chiswe. Ndakhala ndikusowa pokuuzirani, popeza sitilankhulana pafupi. Chidendene chanu chakumanzere chang'ambika kwambiri, amayi. Mwala umene mumakhulira uja ndi wokhakhala. Mafuta alipo kwathu, ndingatume Talandira."

Nkhuku inadutsa pabwalo, inayang'ana onse awiri, n'kupitirira.

Mayi Enelesi anatola duku, analikung'untha, analimanga mwamphamvu. Kenako anabwera molunjika, osati cham'mbali, anatsegula chitseko cha kutsogolo n'kukhala pampando waulemu uja. Anakoka lamba n'kumanga okha, kamodzi n'kamodzi, khethe! ngati munthu wozolowera. Galimoto inasiya kulira.

Elifasi anayang'ana lambayo, n'kuyang'ana chiwongolero. "Amayi, ndimayesa munati simudziwa."

"Yendetsani."

"Nanga phewa?"

"Ndati yendetsani. Msanga, dzuwa lisanafike pamutu."

Galimoto inatuluka pabwalo ikugwedezeka m'maenje. Elifasi analankhula maso ali pamsewu.

"Amayi, ngati ndalakwa penapake, zisakhudze nkhani ya chitengwa ija. Ndadikira nthawi yaitali."

Mayi Enelesi anatembenuka n'kumuyang'ana m'maso, koyamba chikwatirireni mwana wawo.

"Bambo a Talandira, ine ndinadzuka m'mawa uno kuti ndikakane. Koma mkazi wanuyo mumutenge lero lomwe, inu, iyeyo, galimoto ndi diso lake. Katundu ndikulongedzerani ndine!"