Ndalama Yokhomeredwa pa Kauntala

Ine, Habiba Matola, wa zaka 40, wochokera m'mudzi wa Chimwala koma wokhala kuseri kwa masitolo a pa Katete boma, wogulitsa zitumbuwa pamsika, ndikunena izi pa polisi ya Katete lero pa 14 Okutobala 1985.

Ndinakwatiwa ndi malemu a Hamidu Ajusa mu 1965. Nthawi imeneyo anali atangobwera kuchokera ku Bulawayo kumene ankasoka zovala. Bambo anga anatchula mahari, chuma chimene mkwati amapereka, kuti akhale ndalama zitatu zagolide, zija zakale za Angelezi zokhala ndi mutu wa mfumukazi mbali imodzi ndi munthu wokwera pa kavalo mbali inayo. Pa tsiku la nikaha, tsiku lomanga ukwati wathu, a Hamidu anapereka zitatu. Shehe anaziika m'manja mwanga pamaso pa anthu, chifukwa pa Chisilamu mahari ndi a mkazi.

Kutacha, tili awiri m'nyumba, a Hamidu anatenga imodzi mwa ndalamazo n'kundionetsa. Mawu awo ndikuwakumbuka. Anati: "Iyi si golide, ndi mkuwa wopaka. Ndinakwanitsa ziwiri basi. Yachitatuyi anandipangira wosula wina ku Bulawayo. Ngati ufuna, kawauze bambo ako lero lomwe." Ine ndinayankha kuti ndazilandira zonse zitatu monga zilili. Sindinauze bambo anga kapena munthu wina aliyense.

Chaka chomwecho ndinapita nazo kwa wokonza mawotchi, iye anaziboola. Ndinazipisa pa ulusi wakuda n'kumazivala m'khosi, mkati mwa malaya. Yamkuwayo ikayamba kuda ndinkaitsuka ndi phulusa ndi ndimu, pamodzi ndi zinzake, kuti zizifanana. Ndachita zimenezi zaka makumi awiri.

A Hamidu anamwalira mu Juni chaka chino. Anasiya sitolo ya nsalu imene ankayendetsa ndi mng'ono wawo, a Sumani Ajusa, ndiponso nyumba ya kuseri kwa sitoloyo imene ndikukhalamo.

Itatha sadaka ya masiku makumi anayi, a Sumani anabwera kunyumba kwanga. Anati anamva kwa munthu wina wobweretsa katundu kuti ku Lusaka kuli katswiri woyesa ndalama zakale. Anati amaziika pa sikelo, amaziyang'ana ndi galasi, kenako amanena ngati zili zenizeni ndiponso giredi yake, ndipo kuli azungu osunga ndalama zotere amene amagula pa mtengo woposa wa golide weniweniyo. Anati ndiwapatse ndalamazo akaziyese, kuti pogawa chuma cha masiye banja lidziwe chimene lili nacho. Ndinawauza kuti mahari si chuma cha masiye, ndipo sindikugulitsa.

Anabweranso sabata yotsatira. Anati: "Alamu, munthu wokana sikelo ndiye kuti pali chimene akubisa." Ndinati: "Alamu, sikelo ndi ya ogulitsa. Ine ndakuuzani kale." Nkhaniyi inafika kwa Shehe Zuberi a pa mzikiti wathu, ndipo iwo anauza a Sumani ine ndili pomwepo kuti alibe gawo pa mahari a mkazi wa mkulu wawo.

Pa 2 Sepitembala m'mawa ndinali pakhomo ndikukazinga zitumbuwa. Ndinali nditawerama pa chiwaya. A Sumani anabwera chakumbuyo ndi sizasi ya m'sitolo, anandigwira kolala ya malaya n'kudula ulusi. Sizasiyo inandicheka kumanzere kwa khosi. Chipsera chake ndaonetsa wapolisi amene akulemba izi. Ndinawagwira mkono, iwo anandikankha, ndinagwera pa nkhuni. Mayi Naomi Mwale, oyandikana nane nyumba, anali akuyanika zovala chapafupi ndipo anaona zonse. A Sumani anaika ndalama zitatuzo m'thumba la jekete n'kukakwera basi ya ku Lusaka.

Tsiku lomwelo ndinanyamuka kuti ndibwere kuno. Shehe Zuberi anandipeza panjira n'kundipempha kuti ndidikire, nkhani ya pabanja ikambidwe kaye pabanja. Ndinabwerera chifukwa cha ulemu wa iwowo.

A Sumani anabwerako patapita sabata. Sanafike kunyumba kwanga. Anandiitanitsa kusitolo masana, muli anthu ogula. Ananena mokweza kuti katswiri uja wapeza kuti ndalama ziwiri ndi golide, koma waziika m'giredi yotsika chifukwa ndinaziboola ndiponso ndinazipalapala ndi phulusa. Anati ndawononga chuma chifukwa cha umbuli. Kenako anatulutsa yachitatu. Inali ndi pokhadzuka m'mphepete pamene katswiriyo anapala ndi tupa. Anati imeneyo ndi mkuwa. Anati mkulu wawo anapereka golide atatu anthu akuona, ndiye kuti ine ndinagulitsa imodzi mobisa n'kuikapo yabodza. Anati: "Wakuba sangakhale m'nyumba ya a Hamidu. Mwezi uno ukatha mutuluke."

Atatero anatenga msomali ndi hamala n'kukhomera ndalamayo pa kauntala, pamene amayezera nsalu, monga amachitira eni masitolo akalandira ndalama yachinyengo. Ziwiri zagolidezo anazibweza m'thumba. Ine ndinatuluka.

Ndalamayo inakhala pa kauntalapo mwezi wathunthu. Anthu ankalowa m'sitolo osagula kanthu, kungofuna kuiona. Pamsika ena anasiya kugula zitumbuwa zanga. Mwana wanga Mwanahamisi, amene ali pabanja ku Sinda, anabwera kudzandifunsa ngati n'zoona kuti ndinagulitsa golide wa bambo ake. Ndinamuuza kuti sindinagulitse kanthu. Za mawu a bambo ake aja sindinamuuze. Shehe anaitana a Sumani kawiri, iwo osapita. Kumapeto kwa mwezi a Sumani anatuma anthu kudzatulutsa katundu wanga. Ndinakhala pakhomo ndi mpando, ndipo anthuwo anabwerera.

Dzulo m'mawa ndinabwereka hamala kwa a Pius Tembo okonza njinga. Ndinawauza chimene ndikukachita nayo. Ndinalowa m'sitolo chitseko chili chotsegula, a Sumani ali momwemo pamodzi ndi ogula angapo. Ndinazula msomali n'kutenga ndalama yanga. Pozula, thabwa la kauntala linang'ambika pang'ono. A Sumani anati: "Mwathyola sitolo, ndikukumangitsani." Ndinati: "Tiyeni, njira ndi imodzi." Ndinakabweza hamala kwa eni ake.

Ndamva kuti a Sumani anafika kuno dzulo lomwelo n'kudandaula kuti ndathyola kauntala ndiponso ndaba. Za thabwa sindikukana, ndipo kalipentala akalikonza ndidzaonana naye ndekha. Za kuba ndikukana. Munthu saba chake. Ine ndikudandaula kuti a Sumani Ajusa anandicheka ndi sizasi, anandikankha, ndipo ananditengera ndalama ziwiri zagolide zimene ali nazo mpaka lero. Ndikuzifuna zibwere monga zilili, ndi mabowo ake.

Wapolisi wandifunsa chifukwa chimene ndinakanira kuti ndalamazo ziyesedwe, popeza katswiri ndi amene amathetsa mkangano. Ndayankha kuti panalibe mkangano mpaka a Sumani ataubweretsa. Chimene katswiriyo anapeza ndi galasi ndinachimva kwa mwamuna wanga ndisanathe tsiku limodzi m'nyumba mwake.

Wandifunsanso chifukwa chimene sindinanenere zimenezi m'sitolo muja ponditchula wakuba. Ndayankha kuti a Hamidu anali atangoikidwa kumene, ndipo dzina lawo silinali lokambirana pa kauntala ya nsalu. Lero ndanena chifukwa mwana wanga akumuloza chala ku Sinda kuti ndi mwana wa wakuba.

Wandichenjeza kuti mawu amenewa akawerengedwa kukhoti, anthu adzanena kuti malemu ananyenga apongozi awo. Ndati alembe momwemo osachotsapo. Mahari anali anga, si a bambo anga, si a banja la a Ajusa. Ngati a Hamidu anali ndi mlandu pa nkhaniyi, anali nawo kwa ine ndekha, ndipo ndinauthetsa mu 1965.

Wandipempha kuti ndisiye ndalama yamkuwayo kuno ngati umboni, kuti aboma akaiyesenso. Ndakana. Ndaipisa pa ulusi watsopano ndipo ndavala. Woweruza akafuna kuiona ndidzapita ndekha, adzaionera pakhosi panga. Akafuna kudziwa ngati ili golide, ndamuuziratu kuti si golide. M'nyumba muja sindituluka.

Mawu awa andiwerengera ndipo ali monga ndanenera. Zimene ndikudziwa ndi zomwezi.

Chidindo cha chala: Habiba Matola
Wolemba: Konstebulo Obadiya Sakala, polisi ya Katete