Mizinga Imene Inadwalitsa a Dunstan Chimwaza

Zimene mwakhala mukunong'onezana chifikireni pano ndazimva. Akuti malemu anafa ndi mowa, ankamwera kuseri. N'chifukwa chake a Jobe, mkulu wa mpingo wathu wa Amalawi kuno, sanalolebe kuti malirowa ayimbiridwe, ndipo thupi likhoza kukwera ndege mawa mwakachetechete ngati la chidakwa. Ine ndine Sungeni, malemu ndi malume anga. Oyenera kuima pano ndi a malume a Suzgo, koma basi yawo yafera pa Namanga, m'malire a Tanzania ndi Kenya. Mundikhululukire, sukulu sindinapite nayo patali.

Malemu a Dunstan Chimwaza anabadwa pa 9 Juni 1974 ku Mtakataka m'boma la Dedza. Anabatizidwa ali khanda. Sukulu anayambira komweko, ndipo mu 1998 anamaliza maphunziro a uinjiniya ku Blantyre.

Mu 2003 anamanga banja ndi mayi Tionenji, ukwati wodalitsa. Paphwando pake panali thobwa lokhalokha, funsani amene analipo.

Mu 2016 anabwera kuno ku Nairobi, n'kukhala ku South C. Ine ananditenga chaka chotsatira mayi anga atamwalira. Ankagwira ntchito ku bungwe loona za zida zankhondo, mbali ya mizinga yamakono. Imeneyi ndi ija amaikweza pa magalimoto a asilikali ndi pa sitima zapamadzi, imasaka yokha pokagwera, popanda munthu wonena kuti omba. Iwo sankaipanga ayi. Ankaifufuza, n'kumachonderera mayiko kuti asalole makina kusankha woti afe. Patebulo ankatiuza kuti msilikali akaona mwana akhoza kubweza chala, koma makina akasokoneza basi ya sukulu ndi galimoto ya adani, alibe chala chobweza. Akatero chakudya ankachisiya. Zinkawadya mumtima, BP n'kumangokwera.

Mu Malichi chaka chino anagwa mu ofesi ku Kilimani. Madokotala anati ndi sitiroko. Apa mumvetsetse, chifukwa bodza linabadwira pomwepa. Mayi wina wa Chikenya, neba wathu, anabwera kuchipatala kudzazonda, n'kufunsa chimene chawagwetsa. Mayi Tionenji, Chiswahili chawo mukuchidziwa, chogulira masamba a sukuma basi. Anayankha akulira kuti ndi mizinga, bambowa usana mizinga, Lamulungu mizinga, sapuma. Eti kuno mzinga ndi botolo lalikulu lija la mowa waukali! Mayi uja anangogwira pakamwa. Nkhani inakwera matatu, maminibasi a kuno aja, kukafika ku Kangemi, pobwerera inali itanenepa, akuti mabotolo ankawabisa m'chikwama cha Baibulo. Mayi ujatu sindikuwada, anamva m'chinenero chawo. Koma amene anaitengera kwa akuluampingo Chichewa amachidziwa bwinobwino, ndipo ali mommuno, avala chitenje chatsopano. Sinditchula. Ine miseche ndimaikonda, nonse mukudziwa, koma iyi yokha yandiwawa.

Malemu anatisiya pa 14 Epulo, osalankhulanso. Akanatha kulankhula bwenzi atadziyankhira okha, mwina n'kuseka kumene.

Asiya mkazi wawo mayi Tionenji, ana awiri, Luso ndi Watipa, mchimwene wawo a Suzgo, ndi ine. A kubanja akuthokoza madokotala, anzawo a kuntchito amene akonza za ndege, ndi amayi a mvano amene sanachoke pakhomo ngakhale mphekesera zili mkati. Ambuye akudalitseni. Mzimu wa malemu uuse mumtendere.

Pepala lathera apa, koma sindikhala pansi. Kumudzi agogo, mayi awo a malemu, akudikira kumva ngati mwana wawo wachoka kuno ndi nyimbo. Akapanda kuyimbiridwa kuno, ndani ku Mtakataka akakhulupirire kuti sanali chidakwa? Akwaya ali panjapo, avala kale yunifolomu, akungodikira mawu. A Jobe, zaka zonsezi mwakhala nawo benchi imodzi, mwayimbira nawo buku limodzi, mutu ndi mutu. Fungo la mowa munalimvapo? Nanga inu nonse amene mwazyolika, muwayimbira a malume kapena apite chete?