Mazira Anafika Amphumphu

Pamzere wogula petulo, mkulu wina woweta nkhuku ankapukuta pikapu yake yakalekale ndi chipewa, akulakalaka wina atamufunsa. Dalaivala wa minibasi yakumbuyo ndiye anayamba.

"Achikulire, gogoyu akuyendabe?"

"Ndi otomatiki iyi, achimwene, anandisiyira bambo anga. Koma chaka chatha ikamasintha giya inkachita ngati bulu wamenya theche. Gu! Mazira kumbuyoku phwaa!"

"Ndiye munasinthitsa giyabokosi?"

"Amakaniko atatu anandiuza zomwezo. Koma mwana wanga wamkazi anangoti, 'Ababa, tiyendeko ndiimve.' Tisanafike n'komwe pamphambano, akuti kawaya kochoka ku kabuleta kupita ku giyabokosi kakungika kwambiri. Anakamasula pang'ono, n'kuyesa, kumasulanso, n'kuyesanso. Kenako anandiikira thireyi ya mazira pamiyendo, iye pachiwongolero."

"Anasweka angati?"

"Ngakhale limodzi! Pano giya ikumalowa mwaulemu ngati mkamwini watsopano."

"Munamuphunzitsa bwino mwanayo."

Mkulu uja anasiya kupukuta.

"Ine? Ine ndi amene ndinkamubisira masipanala, ndimvekere akaphunzire kusoka. Lero amakaniko atatu aja amabwera kwathu kudzafunsa nzeru kwa iye. Wowatulutsira mipando ndimakhala ine."