"Iii" wa lipenga la ababa

Abale ndi alongo, ine ndinali munthu wamantha. Ngakhale satifiketi ya ku koleji sinandichotse manthawo. Chilichonse ndinkachigwira molimba ngati chindithawa.

Ababa anga ankathyola tiyi pa esiteti, koma pa Sabata ankaliza lipenga mu bandi ya mpingo uno. Ambiri mukuwakumbuka. Ndi iwo anandiphunzitsa.

Mawu otsika sankandivuta. Koma nyimbo ikakwera, ndinkakanikiza lipenga pamilomo mpaka kutupa, khosi gwa, mapewa m'makutu. Kunkangotuluka mphepo. Ababa ankaseka. "Iwe Esinati, lipengalo lakulakwira chiyani? Masula khosi. Lilime likwere m'kamwamo ngati ukunena kuti 'iii', mpweya uzidziyendera wokha." Ine ndinkati yachepa ndi mphamvu, ndiye ndinkawonjezera kukanikiza.

Atadwala anandipempha kuti ndiwalizire nyimbo yawo yapamtima. Ili ndi malo amodzi okwera kwambiri. Ndinati, "Dikirani ndikonzekere kaye, ababa." Ndinkaopa kuchita manyazi pamaso pawo. Sanadikire. Titakawaika m'manda kumudzi ku Goliati, lipenga lawo ndinaliponya pansi pa bedi. Kupemphera ndinasiya.

Nditabereka Chisomo, mantha anachita kuwirikiza. Akangotsokomola, ine mtima m'mwamba. Tsiku lina masana malungo anamugwira mpaka kukomoka. Ndinathamanga naye m'mizere ya tiyi mpaka ku kiliniki. Anamwino atamulanda m'manja mwanga, ndinalibenso chogwira. Ndinangokhala pansi n'kulira, "Iii, Ambuye! Iii!"

Abale, ndinamva lilime langa lili pomwe ababa ankanena paja. Khosi lotseguka, mapewa atagwa. Limenelo linali pemphero langa loyamba chimwalirireni iwo.

Chisomo anachira, uyo ali kumbuyo kwa apongozi anga. Titabwerera kunyumba ndinalipukuta fumbi lipenga lija n'kuliza nyimbo ya ababa ija. Malo okwera aja anatuluka bwinobwino, osakakamiza. Ndinalira kuposa ku kiliniki kuja, poti woti amve kunalibe.

Mantha sanathe onse, ndisaname. Ndipo chisoni cha ababa ndidzapita nacho kumanda. Koma Mulungu alemekezeke, anamva "iii" wanga.

Inu amene mwaumitsa khosi monga ndinkachitira ine, musanene kuti mukonzekere kaye. Bwerani lero lomwe.

Nyimbo ija ndiiliza tsopano. Ikakana pokwera paja, ikane. Sindidikiritsanso munthu.