Kawaya ka Mumaikulowevu

Pa siteji ya minibasi ku Kasungu Boma, Sellina anakhala pabenchi atafungatira maikulowevu yokulunga m'chitenje. Bambo wina wachikulire, zala zake zitada ndi utomoni wa fodya, anakhala pambali pake.

"Ndi wailesi imeneyo, mayi?"

"Ayi bambo, n'chotenthetsera chakudya. Amayi anga anafa ziwalo, kusonkha moto sangathe. Ine ndikakhala ku ntchito, iwo amangodina batani, phala latentha. Chiwonongekereni akhala akudya lozizira."

"Ndiye yatheka?"

"Yatheka. Ena onse ankati ndingoitaya, koma kuseri kwa msika kuli wokonza wina, dzina lake Lucious. Wasintha chimene chimatulutsa kutentha, n'kundionetsa chakalecho. Akuti m'kati mwake muli kawaya koyaka ngati ka babu, ndipo kamatha msanga ukamayatsa mulibe chakudya, kapena magetsi akabwera ofooka. Akuti ndikasamala, kakhalitsa. Mulungu amudalitse, pamodzi ndi amene anamulera."

"Lucious wamtali, wachibwibwi?"

"Yemweyo. Mukumudziwa?"

"Ndi mwana wanga woyamba. Atakana kulima fodya kwathu ku Wimbe, ndinamuuza kuti asadzapondenso pakhomo panga. Lero lomwe ndadutsa pashopu yake nditayang'ana kumbali."

"Pepani bambo, sindimadziwa."

"Musapepese. Dalitso lanulo silikundiyenera, koma zikomo, ndalilandira."

"Minibasi ya ku Wimbe si iyi ikudzazayi?"

"Ipite, kubwera ina. Mwamusiya akadali pashopu?"

"Alipo. Ndamusiya akudya chimanga chootcha."

"Ndiye ndikamupeze asanamalize."