Matope a pa Kasinja

Pa msika wa zidole zakale za magalimoto ankhondo m'tauni ya Zwolle, Wiebe anali pa mzere wa khofi, kumbuyo kwa bambo wonyamula kasinja wa pulasitiki m'kabokosi. Mayi wina pambali pake sankachotsa maso pa kasinjayo. Kenaka Wiebe anamva mayiyo akufunsa bamboyo.

"Pepani bambo, ameneyu munamupeza kuti?"

"Konkuno, chaka chatha. Anali chiphakasa, mayi. Mfuti yothyoka, matayala ena palibe, matope thupi lonse. Ndinamugoneka m'furiji kuti guluu aleke kugwira, n'kumuphwasula yense."

"Kunsi kwake kunalembedwa kuti Harm?"

"Eya, ndinafufuta. Mukumudziwa?"

"Ndi bambo anga. Mchimwene wanga anagulitsa zidole zawo zonse ine kulibe. Ndatha misika ndikufunafuna ameneyu."

"Pepani kwambiri. Koma kunena mosapsatira, mkuluyo matope anachulutsa. Ife okonda zidolezi timangopaka pang'ono, kuti azioneka ngati wachokera kunkhondo."

"Sanapake ndi iwo. Ndinapaka ndine, atamwalira. Anapempha okha kuti tikawotcha mtembo wawo, phulusa lina tisakanize ndi guluu, tipake pa kasinja wawo womaliza."

Bamboyo anayang'ana zala zake.

"Mayi, mwati phulusa?"

"Munachotsa onse?"

"Onse, ndi mswachi. Anali gwa, mpaka ndinachita kuviika m'mankhwala otsukira uvuni."

"Nanga madziwo munataya kuti?"

"M'sinki ya kukhitchini. Paipi inatsekeka sabata yathunthu, ndinachita kuitana wokonza."

Mayiyo anayang'ananso kasinjayo.

"Ndi iwowo basi. Bambo sankachoka pamalo popanda ndewu."